Khadi ya ku Joni ndi Maso a Malume

Panali munthu wina pa Mponela, dzina lake Lufeyo, wojambula makanema a maukwati. Dzanja lake linali labwino. Mkwati wa mano atatu ankatuluka m'kanema akumwetulira ngati wapakalendala. Chovuta chinali kompyuta yake. Inkabuula ngati chigayo cha dizilo, ndipo inkatentha mwakuti mkazi wake ankakazingirapo mtedza. Banja lina linalandira kanema wa ukwati wawo mwana wachisamba atayamba kale sukulu. Musaseke, mwanayo ndinamuona ndi maso angawa atavala yunifolomu.

M'mimba mwa kompyuta mumakhala chitsulo china chomwe amati khadi ya zithunzi. Imeneyo ndiyo ng'ombe yokoka ngolo. Ya Lufeyo inali yokalamba, ndipo atagula kamera yatsopano ya zithunzi zolemera, ng'ombe ija inagwada.

Ndalama anali atasunga. Khadi yamphamvu inalipo m'sitolo ku Lilongwe, ya mafani atatu. Koma Lufeyo anali ndi achimwene ake ku Joni, a Yosofati, ndipo iye sankagula ngakhale waya osawafunsa.

"Usagule, iwe!" anatero a Yosofati pafoni. "Ikutuluka yatsopano mwezi wamawa. Ukufuna kugula bulu thirakitala ili panjira?"

Lufeyo anadikira. Mwezi unatha. "Aichedwetsa pang'ono, limba mtima." Anadikiranso.

Tsono chaka chomwecho anali atakwatiwa mlongo wake, Nelesi. Pa perekaniperekani malume awo a Pofera, mwinimbumba, anavina gule amene sanaonekepo chilengedwere dziko. Fumbi lake anthu anakalitsokomola ku Dowa. Nsapato ina inawavuka n'kuuluka, ena amati sinaterebe. Aliyense ankawasimbira, koma eni akewo chibadwire anali asanadzionepo akuvina. Ndipo m'maso mwawo munali mutayamba kulowa ng'ala.

Mukudziwa inu, ntchito ya pachibale imakhala kumapeto kwa mzere. Za makasitomala Lufeyo ankazikankha pang'onopang'ono, koma kanema wa Nelesi anamusungira khadi ya ku Joni, kuti adzatuluke bwino koposa.

Tsiku lililonse la msika a Pofera ankabwera atavala jekete yobiriwira ya paukwati ija.

"Wapsa kodi, mphwanga?"

"Akadali pamoto, malume. Tikudikira chitsulo cha ku Joni."

"Chabwino. Joni ndi kutali."

Tsiku lina atafika, anapereka moni kwa njinga yotsamira pakhoma, n'kudandaula kuti ana amakono sayankha. Lufeyo anawagwira mkono, n'kuwakhazika pampando patsogolo pa kompyuta. Pagalasipo panalibe chithunzi. Panali kamzere kobiriwira kokha, kosonyeza pamene ntchito yafika, kakukwawa ngati nkhono yodwala.

A Pofera anasendera pafupi, natsinzinira.

"Ndine uyo?" anafunsa. "Eya, jekete yanga ija! Koma abale, ndinkavina pang'onopang'ono chonchi? Ndiye kuti anthu aja ankangondisangalatsa."

Anaseka pang'ono chabe. Anavula jekete ija, naipinda bwinobwino pamwendo.

Lufeyo anayang'ana m'maso mwa malume ake, naona kuti mwayera ngati madzi otsukira mpunga.

M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Lilongwe. Ku Joni sanaimbeko. Khadi ija inali yaikulu mwakuti kondakitala anailipiritsa mpando wakewake. Atayiika m'kompyuta n'kuyatsa, mphepo ya mafani atatu aja inaumitsa zovala zonse pachingwe, ndipo nkhuku za aneba anakazitola ku Madisi. Kanema anapsa tiyi asanazizire.

Anakawatenga malume panjinga yomwe ija anaipatsa moni. Anawavekanso jekete, nawakhazika mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi. Ng'oma inalira. M'galasimo munatulukira mkulu wobiriwira akudula chiuno, fumbi koboo, nsapato ikukwera kumwamba.

A Pofera anagwira pakamwa.

"Bweza, mphwanga."

Anabweza.

"Bwezanso!"

Anabwezabweza mpaka dzuwa linapendeka. Ndiye mkuluyo anapukuta misozi ndi mkono wa jekete, nati, "Mnyamata ameneyo ndi woopsa. Akanakhala wa mudzi wina, ndikanamuletsa kuyandikira azakhali ako."

Sipanapite nthawi, khadi yatsopano ija inatulukadi. Inali yothamanga kuposa ya Lufeyo, mtengo wakenso wofewerapo.

"Ndinakuuza chiyani?" anakalipa a Yosofati. "Waluza, mwana iwe!"

"Munanena zoona, achimwene," anayankha Lufeyo, osatsutsa.

Pofika mvula yoyamba maso a a Pofera anali atatsekeka. Komabe tsiku la msika ankabwera, jekete ili pathupi, n'kukhala pafupi ndi sipika. Ng'oma ikafika pena pake ankadzutsa chala. "Apa! Apa ndi pamene nsapato ikunyamuka!" Ndipo sankaphonya, ngakhale kamodzi. Kanema anali atalowa kale m'mutu, kumene ng'ala sifika.

Tsono inu amene mwaima pakhomo pa sitolo, dzanja m'thumba, khutu ku Joni, imvani. Yatsopano idzabwera ndithu, ndipo kumbuyo kwake kukubwera inzake, zimabadwa ngati mbewa. Ngati palibe amene akukudikirani, dikirani, si tchimo, mudzagula bwino. Koma musanafunse kuti chatsopano chifika liti, tembenukani muone amene wakhala pampando wanu atavala jekete. Makhadi amabwera pabasi chaka ndi chaka. Maso a malume palibe dalaivala amene adzakubweretsereni.