Mwala wa Esinati

Panali mphunzitsi wina amene kalasi yake inali pansi pa mkuyu. Ana anali ochuluka ngati nyerere, koma mthunzi unali wochepa. Bolodi ankalitsamiritsa pa thunthu la mtengowo, ndipo ana ankakhalira miyala.

Munthuyu anali atakalambira pa ntchitoyi, mawu atasasa, mtima utalema. Anali ndi lamulo limene analitengera kwa amene anamuphunzitsa: wokhoza mayeso akhale kutsogolo, wolephera apite kumbuyo. Ankati amenewo ndiwo mankhwala a ulesi. Komatu kutsogoloko n'kumene kunali mthunzi. Kumbuyo kunali dzuwa lokhalokha.

Pa mwala womaliza pankakhala mtsikana wachialubino, dzina lake Esinati. Ankalephera chifukwa chokhala kutali, n'kumakhala kutali chifukwa cholephera. Paja mvula ikakuona litsiro siikata. Mphunzitsi akafunsa kuti, "Tamvana?" kalasi yonse inkati, "Eee!" Esinati nayenso ankavomera nawo, ndipo mphunzitsiyo ankakhutira, poti munthu wotopa sachedwa kukhulupirira.

Tsiku lina amayi ake a Esinati anafika pasukulupo.

"Aphunzitsi, mwanayu khosi lonse ndi zilonda. Komanso akuti zapabolodi saziona. Ngati zili choncho, bola azingokhala pakhomo."

"Alimbikire, mayi. Akakhoza adzasendera yekha kutsogolo."

Amayiwo anangoti, "Chabwino," n'kubwerera.

Kuyambira pamenepo mwala uja unalibe wokhalapo. Masana ena miyendo inamuwawa mphunzitsiyo. Anapatsa ana ntchito, n'kukakhala pamwalapo, popeza malo ena onse anali odzaza. Mwala unamuwotcha. Dzuwa linamuluma pakhosi. Atakweza maso, bolodi linkangonyezimira, moti zimene analemba ndi dzanja lake lomwe sanathe kuziwerenga, iyeyo wa maso abwinobwino. Manyazi anamugwira, kenako chisoni chachikulu.

Anadzuka. Ananyamula mwalawo, n'kudutsa nawo pakati pa ana, n'kukauika mumthunzi, pafupi ndi bolodi. Ataweruka anapita kwawo kwa Esinati.

"Mwachedwa, aphunzitsi," anatero amayi aja. "Anapita kwa azakhali ake kukalera mwana. Esinatiyo akuti sukulu si ya anthu ngati iye."

Mwala uja unakhala mumthunzimo chaka chonse, wopanda wokhalapo.

Inu amene mukupita kukagwira choko, mudzatopa, ndipo palibe angakudzudzuleni pa kutopako. Koma ana anu sadzakhala ofanana maso, makutu kapena khungu, ndipo "Eee" wa kalasi yonse amabisa ambiri. Musadikire kuti miyendo ikuwaweni. Kakhaleni pa mwala womaliza mwini wake akadalipo.