Matailosi m'Boti la Che Bakali

Pa Thuchila panalibe munthu wosadziwa khomo la malemu Che Bakali, chifukwa ndi pokhapo pamene boti linkakhala pabwalo ngati ngolo. Linali boti laling'ono la matanga, lokhala ndi kachipinda kotsika koti anthu atatu n'kubisalamo mvula. Che Bakali analigula kwa mzungu wina wa ku esiteti ya tiyi, ndipo kwa zaka zambiri linkaolotsa matemba ndi milamba pa nyanja ya Chilwa. Nyanja itaphwa, analikweza pa lole n'kubwera nalo kumudzi kuti lisaolere m'matope. Mwini wakeyo sanaone madzi akubwerera. Analisiyira mwana wake Sumaiya, amene ankagulitsa nsomba zouma mumsika.

Chaka chomwe mvula inadzazanso nyanja, Sumaiya anaitanitsa a Danieli, nkhalamba yomwe inkayendetsa botilo nthawi ya bambo ake, kuti adzalione lisanabwerere kumadzi. Koma uthenga usanafike n'komwe, mwamuna wake Osman anali atalowa kale m'kachipinda, tepi m'manja, pensulo kukhutu.

Osman anali kalipentala, ndipo tisamunamizire, mabedi ndi makabati ake ankakhalitsa. Matenda ake anali amodzi: pakamwa pankathamanga kusiya makutu m'mbuyo.

"Muno ndi mokhala munthu muno?" anatero akugogoda mzati womwe unaima pakati pa kachipindako. "Chimtengo ichi chikungotchinga njira. Ndikachichotsa, muika bedi."

"Bambo a Sabrina, dikirani a Danieli abwere," anatero Sumaiya. "Ababa sanachotsepo ngakhale msomali umodzi."

"Ababa anali a nsomba. Za matabwa ndi zanga."

Mawu amenewo anamulasa Sumaiya, koma ananyamuka kupita kumsika. Pobwera kumsika madzulo anapeza mzati uja uli gone pansi pa mtengo wa mango, utuchi uli mbwee. Tsiku lachiwiri Osman anaphwasula mabenchi a m'mbali n'kutulutsamo zinthu zoyera zopepuka, zonga zomwe amatetezera wailesi m'katoni. Anati ndi zinyalala za azungu, akufuna malo oika katundu. Ana a pamudzi anatola n'kumaseweretsa mumsewu. Kenaka anakhoma kabati ya mbawa mbali imodzi, yolemera ngati ng'ombe, anaika chitseko chenicheni chokhala ndi loko, ndipo pomaliza anathira guluu pansi ponse n'kuyala matailosi obiriwira otsala kunyumba ya kasitomala wake.

A Danieli anafika ntchito itatha. Anasuzumira m'kati n'kuvula chipewa.

"Che Osman, mzati uja ndi umene umanyamula mlongoti wa thanga. Mphepo ikakankha thanga, mphamvu yonse imatsikira pamenepo. Zoyera munataya zija ndi zimene zimayandamitsa boti likadzaza madzi. Nanga kachivindikiro kapansi kali kuti? Madzi akalowa tikapira pati?"

"Madala, zonsezo ndikudziwa kale. Denga ndalilimbitsa ndi masikuluwu. Ndipo boti labwino sililowa madzi."

"Boti lililonse limalowa madzi, mwana wanga."

Sumaiya anatembenukira kwa mwamuna wake. "Mwamva? Munthu wakalambira pamadzi akukuuzani, inu mukuti mukudziwa kale. Boti ili si dowe lanu loti muziwotcha mmene mwafunira. Ndi la ababa, ndi la Sabrina. Bwezerani mzatiwo!"

"Ndiphwanye matailosi chifukwa cha mantha a nkhalamba? Anthu akaliona kudoko akachita kuimirira."

Anthu anaimiriradi. Lole itatsitsa boti kudoko la mbali ya ku Phalombe m'mawa wa Loweruka, asodzi anasiya maukonde n'kumasuzumira pazenera, ena akuti ndi hotela, ena akuseka chamumtima. Osman anali yense mano poyera. A Danieli anakana kukwera, koma Sumaiya atanena kuti iye akwera basi, pakuti sangasiye chuma cha bambo ake m'manja mwa munthu wosadziwa ngakhale kumanga chingwe cha thanga, nkhalamba inapukusa mutu n'kulowa. Inati angozungulira pafupi, osapita kutali.

Boti linanyamuka litapendekera mbali ya kabati, ngati munthu wothyoka chiuno. Atangodutsa mabango, mwera unawomba. Thanga linafufuma, ndipo pansi pa mlongoti panamveka phokoso ngati nsungwi ikusweka. Denga la kachipinda linabwira m'kati. Mng'alu unatsika mpaka m'mbali, funde lililonse likulavuliramo madzi.

"Tsitsani thanga, mayi!" anakuwa a Danieli. "Che Osman, tsegulani pansi tikape!"

Osman anathamangira m'kati ndi nyundo. Madzi ankamveka akuchita khuvukhuvu kunsi kwa matailosi, koma guluu wake anali atagwira monga mmene ankadzitamira. Ali mkati momenya, boti linapendekanso, chitseko chinadzitseka, ndipo denga lobwira lija linachipanikiza. Anakankha, anakoka, osatheka. Madzi anali m'maondo.

"Sumaiya! Tsegula! Ndikufa ine!"

Sumaiya anatola nkhafi n'kumenya chitsekocho ndi mkwiyo wa masabata atatu. Chinali chitseko chabwino, cha thabwa lokhwima, ndipo chinakana mpaka a Danieli anathandiza ndi phewa. Anamukoka Osman ndi kolala madzi ali m'chifuwa. Posakhalitsa boti linamira mwakachetechete, popeza munalibenso choliyandamitsa. Pamwamba panangotsala nsonga ya mlongoti.

Asodzi anafika ndi mabwato awo n'kuwavuula. Osman ndi Sumaiya anatuluka bwinobwino, koma a Danieli anali atamwa madzi ambiri ndipo phewa linali litaguluka. Akuwanyamula kupita nawo kuchipatala, Osman, akunjenjemera m'chitenje chobwereka, anatsegulanso pakamwa.

"Ndi mphepo ija. Ikanapanda kubwera mwadzidzidzi..."

"Khalani chete!" Sumaiya sanasamale kuti doko lonse likumva. "Mphepo ndi imene inadula mzati? Mphepo ndi imene inamata pansi? Boti la matanga mumati liziyenda ndi chiyani, mpweya wa m'kamwa mwanu? Ababa analisunga zaka zonsezi, chilala chenicheni chinalephera kulipha, inu mwalipha ndi sowo pa masabata atatu. Ndipo taonani munthu amene anakuchenjezani, ndi amene wathyoka pokupulumutsani."

Palibe anamuletsa. Ngakhale amuna amene amakonda kuikira mnzawo kumbuyo anangoyang'ana pansi.

Patapita masiku anayi anthu analikoka botilo ndi zingwe, koma linatuluka litang'ambika pakati, ndipo amisiri a padoko anati ngakhale atalimata silingasenzenso thumba limodzi. A Danieli anachira, koma mkonowo sunakwerenso kupitirira phewa, ndipo ntchito ya pamadzi inathera pomwepo. Sumaiya ndi amene ankawatumizira ufa ndi ndiwo mwezi ndi mwezi, osati chifukwa wina anamuuza, koma chifukwa manyazi a pakhomo pake anamugwira iye. Nsomba anayamba kupikula kwa anzake amene kale ankapikula kwa bambo ake.

Osman anabwerera ku mabedi ake. Ankhoswe atakhala pansi, banja silinathe, koma kwa miyezi yambiri m'nyumbamo mawu ankachita kuwerengeka. Tsiku lina Sumaiya akudutsa pashedi anamva mwamuna wake akufotokozera kasitomala kuti maboti a azungu ndi osalimba. Anaima, anatula dengu, namuyang'ana mpaka mawu anamuthera kukhosi.

Luso la manja Osman anali nalo, palibe angatsutse. Chimene chinamusowa ndi khutu, ndipo mtengo wake analipira ndi anthu ena. Akuluakulu sananame pamene anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.