Mmene Kanyemba Adasinthira Kagalu ndi Galu Wamkota

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, msewu uwo usanalambulidwe, munali munthu wina dzina lake Kanyemba. Ameneyo ndiye adabala agogo awo a mayi anga. Kanyemba sanali mbadwa ya muno ayi. Adabwera kudzakwatira, mkamwini chabe, atanyamula khasu ndi nthungo. Mkazi wake anali Nangondo. Akuchikazi adamupatsa munda wa kumapeto, wogundana ndi thengo, munda umene eni mudzi onse adaukana. Adaukaniranji, mukudziwa? Nguluwe.

Chaka choyamba nguluwe zidadya munda wonse. Kanyemba adakumba mbuna, nguluwe zidalambalala. Adamanga chilindo namakuwa mpaka mawu kusasa, nguluwe zinkangosamukira mbali ina ya munda. Chaka chimenecho m'nkhokwe mwake munkaikira nkhuku. Banja lonse lidadya kwa apongozi, ndipo chakudya chopatsidwa, ana inu, chimabwera ndi mawu pamwamba. Ine ndikuchidziwa bwino kukoma kwake, musandifunse. Ndiye malume ake a Nangondo adanena poyera, anthu akumva: chaka chino nkhokwe ikakhalanso yopanda kanthu, mkamwini apinde mphasa yake abwerere kwawo. Ana atsala, pajatu ana ndi akuchikazi.

Tsono Kanyemba anali ndi chinthu chimodzi chimene anthu ankasirira. Kagalu. Adakatenga kwawo kasanaphenye bwino, nakatcha Mphezi. Miyendo yaitali, chifuwa chotakata, mphuno yosaphonya. Mano a ubwana asanathe kuguluka, kadathamangitsa gwape kuchokera kudambo mpaka kuphiri. Aliyense wodziwa agalu ankati akakaona n'kugwira pakamwa. Koma kagalu ndi kagalu. Tsiku lina kadamva fungo la nguluwe m'mphepete mwa munda, kadabwerera kunyumba mchira uli pakati pa miyendo.

Chimanga chitayamba kubereka, kudafika mlendo, mkulu wina wa kutsidya kwa mtsinje, Chidzanja, mlenje wotchuka. Pambuyo pake pankabwera galu wake Chipsera, akuyenda ngati wadwala msana. Khutu limodzi lodukira pakati, nthiti zonse zipsera zokhazokha, kukamwa imvi. M'khosi anali ndi lamba wachikopa wakuda bii, wa mangenjeza awiri. Galu ameneyo adagwira nguluwe zochuluka kuposa zala za anthu onse a pabwalo.

Chidzanja adakhala pansi, nalandira madzi, maso ali pa Mphezi.

“Mkamwini, ndamva kuti nguluwe zakusandutsa mlimi wawo.”

“Mwamva zoona, bambo.”

“Ndipatse kagalu ako, utenge Chipsera. Ine munda wanga uli pakati pa minda ya anthu, sindikuthamangira kanthu. Ndikhoza kudikira kagaluka kakule. Nanga iwe ungadikire?”

Kanyemba adagwada, natsegula kukamwa kwa Chipsera. Mano akutsogolo adaperepeseka, koma a m'mbali analipo, achikasu, olimba. Adamugwira miyendo umodziumodzi. Wakumbuyo umodzi unkanjenjemera.

“Watsala ndi mvula zingati galuyu, bambo?”

“Sindinamize mwana wa munthu. Ziwiri. Mwina imodzi.”

“Nanga Mphezi?”

“Mphezi ali nazo zambiri. N'chifukwa chake ndabwera.”

Kanyemba adapempha kuti aganize. Ndipo adaganiza, ana inu, adaganiza mpaka kuwonda. Akayang'ana Mphezi ankaona nyama ya zaka ndi zaka, ankaona dzina lake likutchulidwa pa uzimba uliwonse. Akayang'ana kumunda ankaona mapesi ogwa ndi mapazi a nguluwe. Kagalu ka mawa, kapena galu wa lero? Inu mukadatani? Iwe wakhala kumapetowe, ukadatani?

Mlamu wake Tsilizani, mlongo wake wa Nangondo, sadasowe mawu. Anthu otere sasowa m'mudzi, ngakhale lero ndikuwaona.

“Alamu, ndamva mukufuna kugula maliro! Galu uja mukabwera naye, tikumbiretu manda?”

“Mukumbe awiri, alamu. Ena akhale a pakamwa panu.”

Madzulo ake adafunsa mkazi wake. Nangondo anali kupeta mapira a kwa amayi ake, osati akeake. Sadakweze mutu.

“Inu, Mphezi akadzakula, adzakusakirani muli kuti? Kuno kapena kwanu?”

Basi, mawu ake anali omwewo. M'mawa mwake Kanyemba adanyamula Mphezi nawoloka mtsinje. Kagalu kankamunyambita m'khosi njira yonse, ndipo akuti pamadzi paja adaima nthawi yaitali ngati wofuna kubwerera. Koma adawoloka.

Apa ndi pamene adalakwira, mumvetsetse. Inu mukudziwa kuti ukagula mbuzi, chingwe chimatsala kwa mwini wake, iwe umabwera ndi chako. Kanyemba adachita chimodzimodzi. Adamasula lamba wa mangenjeza uja m'khosi mwa Chipsera, namuika m'manja mwa Chidzanja, nati, “Galu ndatenga, chingwe chanu nachi.” Mumtima ankati galuyo aiwale kwawo kwakale. Chidzanja adatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma Kanyemba anali atamanga kale luzi lake, akukoka galu, misozi ili pafupi chifukwa Mphezi ankalira kumbuyo. Sadafune kuti mkulu uja amuone nkhope.

Adafika naye kunyumba. Chipsera adadya phala la gaga, nazungulira pansi pa nkhokwe, nagona. M'mawa Kanyemba adatenga nthungo namuimbira mluzu. Galu adatsegula diso limodzi, nalitsekanso. Adamukoka ndi luzi mpaka kumunda, namununkhitsa mapazi a nguluwe. Galu adanunkha, nayetsemula, nagona mumthunzi wa chulu. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi. Galu kudya, galu kugona. Galu kudya, galu kugona. Uku nguluwe zikulowa m'munda ngati zaitanidwa ku ukwati.

Tsilizani ndiye adapeza mowa wosagula.

“Alamu, mlendo wanu wagona bwanji? Tibweretse bulangete? Musamudzutse, watopa ndi ulendo!”

Kanyemba anali munthu wouma khosi. Kubwerera kwa Chidzanja kukafunsa kunali ngati kuvomera kuti adapusitsidwa. Adayesa kumumana chakudya galu uja, galu adangogona ndi njala. Adayesa kumukalipira, galu adayasamula. Mbali imodzi ya munda idagwa yonse. Tsiku lina Nangondo adabwera kuchokera kumunda atanyamula zitsononkho zotafunidwa m'lichero, nazikhuthula pamapazi a mwamuna wake.

“Manyazi anuwo tidzadyera chiyani?”

Kanyemba adadzuka, nawolokanso mtsinje. Adapeza Chidzanja akusema mpini, Mphezi ali pambali pake, atanenepa kale. Kagalu kadamulumphira, iye adayang'ana kumbali.

“Bambo, mwandipatsa galu wakufa.”

Chidzanja adaseka mpaka kutsokomola.

“Ndimadikira kuti ubwera liti. Iwe, galu uja wakula akudziwa chinthu chimodzi: lamba akakhala pamsomali wa mtengo, ndi tsiku lopuma. Lamba akalowa m'khosi, ndi tsiku la ntchito. Tsiku lija udamupeza atavala chifukwa tinali titangochokera kuthengo. Iwe udamuvula ndi manja ako, ndiye ukuti atani? Akuti mbuye wanga watsopanoyu ndi wachifundo, wandipumitsa.”

“Bwanji simudandiuze?”

“Udandipatsa mpata? Udathawa ngati waba nkhuku.”

Adalowa m'nyumba, natuluka ndi lamba uja. Sadafune kanthu. Adangoti, “Mangenjeza akamalira, uziyenda. Akangoti zii, uthamange, wazipeza. Ndipo usamufulumize. Galu wamkota sakandira pachabe.”

Kutacha, mame asanaume, Kanyemba adagwada pansi pa nkhokwe namanga lamba m'khosi mwa Chipsera. Ana inu! Galu adadzuka ngati wina wamuthira madzi ozizira. Adadzigwedeza, mangenjeza nawo ngwe, ngwe, ngwe. Sadayang'ane phala, sadayang'ane munthu. Adatsogola yekha kumunda, mwendo uja ukutsimphina, mphuno ili pansi.

Nguluwe masana zimagona m'zitsamba zowirira, m'bango la kumtsinje. Chipsera sadathamange. Adayenda pang'onopang'ono, akuzungulira, kufuna kuti mphepo imuwombe kumaso. Kanyemba ankatsata kulira kwa mangenjeza, minga ikumung'amba miyendo. Ngwe, ngwe, ngwe. Kenaka zii.

Kanyemba adathamanga. Bango lidaphulika, nguluwe zili balala mbali zonse, zazikazi ndi ana. Galu wosadziwa akadathamangira kamwana, kapena akadalunjika kumaso kwa yaimuna n'kung'ambidwa mimba. Chipsera adazisiya zonse zidutse. Adadikira yaimuna yaikulu, mtsogoleri wa gulu, naidzera chakumbali, naigwira khutu, thupi lake atalimata ku nthiti za nguluwe, kumene mano a nguluweyo sakadafika. Nguluwe idazungulira, galu adazungulira nayo. Idamukokera m'matope, galu osasiya. Kanyemba adafika, nthungo idalowa kuseri kwa phewa.

Nyama idanyamulidwa ndi amuna anayi, ndipo mmodzi mwa iwo anali Tsilizani. Njira yonse sadalankhule. Adalankhula pogawana, kupempha chiwindi.

Adasaka choncho mpaka chimanga kuuma. Sikuti ankapha tsiku lililonse ayi. Masiku ena galu ankabwerera akukwawa, Nangondo namuthowa miyendo ndi madzi ofunda ngati munthu. Koma nguluwe zidaona kuti bango lija lasanduka moto, zidasamukira kuseri kwa phiri. Mbali ya munda imene idatsala idadzaza nkhokwe mpaka pakamwa. Malume aja adabwera, nayang'ana m'nkhokwe, nakhosomola, nati mvula chaka chino idagwa bwino. Mvula! Mwamva? Ndi mmene alili achibale, kuyamika kumawawawa pakhosi. Koma za mphasa sadazitchulenso, ndipo Kanyemba adakalamba m'mudzi muno, ana ake ali pambali.

Chipsera adakwanitsa mvula ziwiri zija. Chimanga chachiwiri chitalowa m'nkhokwe, tsiku lina sadadzuke. Nanga Mphezi? Musaganize kuti ndikuuzani kuti adakhala galu wachabe. Ayi ndithu. Mphezi adakula nakhala galu amene dziko lino silidamuonenso. Ankagwira nguluwe, ankagwira mphoyo, anthu ankachoka kutali kudzapempha ana ake. Pa uzimba uliwonse dzina linali la Chidzanja. Kanyemba ankaima kumbuyo ndi agalu wamba, akuonerera.

Tsiku lina pobwerera ku uzimba wotere, Tsilizani adamugunda ndi chigongono.

“Alamu, simumva kuwawa? Galu uja akadakhala wanu.”

“Kuwawa ndimamva, alamu. Ndikamuona akuthamanga, mtima umachita ngati wina waufinya.”

“Ndiye mudaluza.”

“Ndikumva kuwawako ndili pakhonde panga, mkazi wanga ali m'nyumba, ana anga akundibera fodya. Mudandipatsa chaka chimodzi, alamu. Simudandipatse zaka za Mphezi.”

Tsilizani adasintha nkhani, nayamba za mvula.

Ndiye ife a kwa Kanyemba, mpaka lero, munthu akatibweretsera malonda osinthana, chaching'ono ndi chachikulu, chatsopano ndi chakale, sitiyamba ndi kufunsa kuti chokongola n'chiti. Timayamba ndi kufunsa kuti njala yathu ndi ya liti, ya chaka chino kapena ya m'tsogolo. Wokhuta asunge kagalu, ali ndi nthawi. Wanjala atenge wamkota, ndipo akadzaona kagalu kaja katakula m'manja mwa wina, asatukwane, adziwe chimene adagula. Ndipo mukatenga chokalamba, musachiweruze chikadali chigonere. Khalani pansi, mufunse amene adayenda nacho kuti chimadzuka ndi chiyani. Ambiri a inu simufunsa. Mumangoona imvi n'kuyamba kuyeza manda.