Mita Imodzi ya Che Sumaili

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi pamene unabadwira, ndipo yambiri inabadwira pa manyazi a munthu. Umene ndikuuzeni lerowu unabadwira kuseri kwa khola la nkhuku, m'tauni ina yaing'ono ya m'mbali mwa njanji. Mwini manyaziwo ndimutcha Zakeyu Mkwapatira. Dzinali si lake lenileni, koma amene tinakhala nawo mzere umodzi amuzindikira, ndipo sindiwaletsa.

Zakeyu anali mlonda pa kampani yocheka matabwa. Ankagwira ntchito usiku, masana n'kumagona. Kuseri kwa nyumba yake anamanga khola la njerwa lofolera ndi malata, momwe mkazi wake Nangozo ankawetamo nkhuku za mazira. Malipiro a ulonda mukuwadziwa. Chimene chinkaphunzitsa ana ndi kugula sopo pakhomo paja ndi khola limenelo.

Koma kholalo linakhalira chinsinsi. M'tauni muja poloti iliyonse inali ndi mabikoni anayi, timiyala ta simenti tokwiriridwa m'makona kusonyeza malire. Chaka chomwe Zakeyu ankamanga, poloti yoyandikana naye inali yopanda munthu, udzu wokhawokha. Atayeza anaona kuti malo amuchepera. Kukhonsolo sanapite kukapempha chilolezo, ati kumeneko n'kongotha nsapato. Anangotenga khasu, n'kufukula bikoni ya kuseri, n'kuikwirira mita imodzi mkati mwa poloti ya eni. Kutsata malire abodzawo anabzala mpanda wa nkhadze. Ngakhale mkazi wake sanamuuze. Zaka zisanu ndi zitatu zinadutsa, nkhadze inakula, ndipo mwini wake anafika poiwala kuti anaba.

Kenako poloti ija anagula Che Sumaili, mmisiri wokhoma zidebe, mbaula ndi makeni othirira kudimba. Anali munthu wamfupi, wansangala, wosatha nthabwala. Anaimika shedi ya mapolo ndi malata pafupi ndi mpanda uja, ndipo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka kunali ngwe! ngwe! ngwe! Zakeyu akati atseke maso, nyundo ili m'mutu.

"Bambo a Esinati, bwanji osangopita kukawauza?" anatero Nangozo tsiku lina atampeza atadziphimba pilo kumutu. "Che Sumaili si chilombo. Dzana lomweli anandiwotcherera chidebe osandilipiritsa."

"Ine ndikapemphe tulo kwa munthu wobwera dzulo? M'tauni muno muli malamulo. Shedi imene ija ali nacho chilolezo?"

"Nanga khola lathuli tili nacho?"

"Lathu ndi lakale. Zakale sazifunsa."

"Kani chilolezo chimamera chokha khola likakalamba?"

Zakeyu anatembenukira kukhoma. Iye anali atamva kuti lamulo la m'tauni muja limati chomanga chilichonse cha pabwalo, kaya shedi kaya khitchini, chikhale ndi chilolezo, ndiponso chitalikire ndi malire mita imodzi ndi theka. Shedi ya Che Sumaili inali theka la mita chabe kuchokera pa nkhadze. Choncho anang'amba pepala m'kope la mwana, n'kulemba kalata yopita kukhonsolo. Dzina sanalembe. Pansi anangoti, "Ndine nzika yokonda mtendere." Kupita kwa mnzake kunali mapazi makumi awiri, koma iye anasankha kuyenda mpaka kutauni kukaponya kalata. Umo ndi momwe kunyada kumatalikitsira njira.

Patapita milungu itatu, Lachiwiri lina, mvula yoyamba inagwa mbandakucha itachedwa mwezi wathunthu. Anthu anali atailira mpaka m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Itakata, mzere wonse unali matope okhaokha. Pa matope pomwepo panatulukira Mayi Chipofya, woyendera zomangamanga wa kukhonsolo, atavala magambutsi. M'khwapa anali ndi mapu okulungidwa, m'manja tepi yoyezera ndi kachitini ka penti yofiira. Penti imeneyo aliyense ankaidziwa. Ikalembedwa mtanda pa khoma lako, basi, yamba kutulutsa katundu.

Zakeyu anatuluka ngati wongodutsa, mtima ukuvina.

Mayi Chipofya anawerenga kalata ija pamaso pa Che Sumaili ndi anthu amene anasonkhana, kenako anafunsa, "Bambo, chilolezo cha shediyi chili kuti?"

Che Sumaili anavula kofiya wawo n'kumufinya m'manja. "Mayi, kunama sindinama, ndilibe. Ndimayesa chilolezo n'cha nyumba yogonamo anthu. Umu mumagona zidebe."

"Ngakhale zidebe zimagona ndi chilolezo. Koma imeneyo ndi nkhani yaing'ono, mukadzaza fomu yatha. Yaikulu ndi malire. Ikapezeka kuti yayandikira kwambiri, igwa. Wina andigwirire tepi."

Zakeyu ndiye anathamangira. "Ndigwira ine, mayi!"

Anayamba kutsogolo, mbali ya msewu. Zakeyu anakanikiza nsonga ya tepi pa bikoni, mayi aja n'kukoka mpaka pa inzake. "Mamita khumi ndi asanu. Zikugwirizana ndi mapu." Anazungulira kuseri. Zakeyu anagwada pansi pa nkhadze, pa bikoni ija anaikwirira yekha. Iye ankaganiza kuti angoyeza kuchokera pa mpanda kufika pa shedi n'kupaka penti. Sankadziwa kuti anthu amenewa amayamba ayeza kaye poloti yonse.

Mayi Chipofya anayang'ana tepi, anayang'ana mapu, n'kuyang'ananso tepi.

"Khumi ndi anayi. Kutsogolo khumi ndi asanu, kuseri khumi ndi anayi. Bambo, poloti yanu ikuwonda chakumbuyo?"

"Ndinaigula choncho, mayi," anatero Che Sumaili. "Mwina inkadwala."

Anthu anaseka, koma mayi aja sanaseke. "Mita siuluka. Ikasowa kuno ndiye kuti ili kwinakwake. Poloti yoyandikanayi ndi ya yani?"

"Ndi yathu," anayankha Nangozo ali pa mpanda.

"Bambo, musachoke pa bikoni pomwepo. Gwiritsitsani."

Ana inu, palibe tepi imene inalemerapo ngati imeneyo. Zakeyu anaigwira ndi dzanja lake lomwe linagwira khasu lija, akuonerera mayi aja akudutsa kuseri kwa khola, nkhuku zikutetera mkati. Analakalaka tepi itaduka. Sinaduke.

"Khumi ndi asanu ndi limodzi," anatero Mayi Chipofya. "Nayi mita yathu. Ndiye kuti malire enieni akudutsa mkati mwa kholali. Shedi ya bambowa ili mita imodzi ndi theka kuchokera pa malire enieni, ndendende monga lamulo lifunira. Khola ili ndilo lakhala pa malo a eni. Chilolezo chake chilipo?"

Zakeyu anayang'ana pansi.

"Chabwino. Ndiye ndifunse chachikulu. Bikoni siyenda yokha, ndipo kuisuntha ndi mlandu wa kupolisi. Munthu amatha kulandidwa nawo poloti. Anaisuntha ndani?"

Zakeyu anali ndi mabodza atatu okonzeka pakamwa. Akanati ndi oyeza malo akale, akanati ndi madzi osefukira, akanati ndi amene anamumangira khola. Koma atakweza maso anaona Nangozo akumuyang'ana, nsalu atailuma pakamwa, ndipo anazindikira kuti mkazi wake wadziwa kale yankho. Anakhala chogwada m'matopemo.

"Ndine," anatero. "Ndinaisuntha ndekha, zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Mayi a Esinati sankadziwa. Ndiponso kalata mwawerengayo ndinalemba ndine."

"Za kalatazo musavutike nazo, achimwene," anatero Che Sumaili. "Ikudandaula kuti anthu sakugona masana. Mzere wonse uno wogona masana ndinu nokha ndi mphaka wa a Nasoko, ndipo mphakayo salemba."

Mayi Chipofya anatsegula kachitini kaja, n'kulemba mtanda wofiira pa khoma la khola. Nangozo anakhala pansi. Zakeyu anaona zonse zikupita: nkhuku, sukulu ya ana, mwina nyumba imene, ndi dzina lake pamwamba.

"Khomali ligwa, pamenepo palibe zokambirana," anatero mayi aja. "Koma za kupolisi ndi za poloti zili m'manja mwa olakwiridwa. Bambo Sumaili, mukadandaula ndilemba, ndipo nkhani ipita kutsogolo. Mukuti bwanji?"

Che Sumaili anayenda mpaka pa nkhadze, n'kuyeza mita ija ndi mapazi awo, kupita ndi kubwerera.

"Musaone ngati sindinakwiye," anatero potsiriza. "Ndakwiya. Pa mita imeneyi ndikanabzalapo mapapaya atatu, bwenzi pano ndikudya. Chikundiwawa koposa n'chakuti m'mawa uliwonse mumandipatsa moni, kalata ili m'thumba. Mukanangoti, Che Sumaili, nyundo yanu ikundisowetsa tulo, bwenzi ndikuyamba ndi zodula ndi zowotcherera m'mawa, zokhoma chakumadzulo mutadzuka. Pakamwa muli napo, achimwene."

"Ndalakwa," anatero Zakeyu.

"Koma ndikakumangitsani ndipindulanji? Akazi anu analakwa chiyani? Nanga mazira ndizikagula kuti? Mayi, musalembe. Ndikufuna chinthu chimodzi chokha. Bikoni imeneyi anaichotsa ndi manja awo, aibwezeretse ndi manja awo, lero lomwe, tonse tikuona."

Zakeyu anamva ngati wina wamutula thumba la simenti pamutu. Anathamanga kukatenga khasu.

Mayi Chipofya analoza malo enieni, mkati mwa khola, pakona. Nangozo anaingira nkhuku mbali ina. Zakeyu anadula nkhadze, nafukula bikoni, naisenza pachifuwa. Potulukira pa mpanda anaterereka n'kugwa chagada, bikoni ili pamimba. Anakhala tsonga ali matope kuyambira kutsitsi mpaka ku zidendene, maso okha akuoneka. Nangozo, amene misozi inali isanaume, ndiye anayamba kuseka, ndipo mzere wonse unatsatira. Zakeyu naye anaseka. Sanasekepo momasuka chotero kuyambira tsiku lomwe anakwirira mwala umenewo.

Che Sumaili anamugwira dzanja kumudzutsa bwino, n'kuti, "Mwezi wonse tinkalira mvula, lero yabwera, taonani mmene yatipakira. Inunso munalira akukhonsolo, abwera. Walira mvula, achimwene, walira matope."

Mayi Chipofya anapatsa Zakeyu ndi Che Sumaili masiku makumi atatu kuti akonze zonse. M'mawa mwake awiriwo anapita limodzi kukhonsolo, wina kukadzaza fomu ya shedi, wina ya khola. Zinapezeka kuti ntchito imene Zakeyu anaithawa zaka zonsezo inali ya m'mawa umodzi ndi kapepala kojambulapo pulani. Khoma la mtanda wofiira analigwetsa, khola analibweza m'mbuyo monga mwa lamulo n'kulitalikitsa mbali ya kukhitchini. Malata atsopano anakhoma ndi Che Sumaili. Nkhuku sinafe ndi imodzi yomwe, kungoti zinanyanyala kuikira masiku anayi.

Mawu a Che Sumaili aja sanathere pa mpanda. Anayenda mzere ndi mzere, msika ndi msika, mpaka lero mumawamva paliponse: walira mvula walira matope.

Tanthauzo lake ndi ili. Chinthu chimene ukuchiitana sichibwera chokha, chimabwera ndi anzake. Mvula sigwa m'munda mokha, imagwanso pa njira imene uyendemo. Lamulo nalo silikhala ndi diso limodzi loyang'ana kwa mnzako kokha. Ukaliitana limayeza kwake, limayezanso kwako, ndi tepi yomweyo. Sindikuti musamaitane lamulo pamene mwalakwiridwa, iyayi. Mvula ndi yabwino, ndipo tsiku lija inatsuka munthu amene anali ndi litsiro la zaka zisanu ndi zitatu. Ndikuti musanamange kanthu pabwalo panu, kafunseni kwa eni mapu. Musanalembere mnzanu kalata, kagogodeni pakhomo pake. Ndipo musanaitane woyeza, zungulirani kaye kuseri kwa nyumba yanu, muone ngati miyala yonse ili pamene anaisiya. Zakeyu anapeza mnansi wa mtima wabwino. Si onse amene amagwa m'matope n'kupeza dzanja lowadzutsa.