Zala za Pakona ya TV

M'nyumba ya zipinda ziwiri ija, nthawi imene inkalemekezedwa kuposa zonse inali folo koloko madzulo. Ikangokwana, Kamaso, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, ankakoka kampando kake n'kukhala kutsogolo kwa TV, mayi ake ali pambali ndi kope pamiyendo. Mwanayu anasiya kumva ali ndi zaka ziwiri atadwala kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo maso ake ndiwo anasanduka makutu. N'chifukwa chake dzina lakuti Kamaso linamukakamira. Pa TV pankabwera pulogalamu ya ana, ndipo pakona ya kumunsi pankaima mayi wina womasulira m'chinenero chamanja. Zala za mayi ameneyo ndizo zinaphunzitsa Kamaso kupempha madzi, kunena kuti m'mimba mukupweteka, ngakhalenso kukana kusamba. Mayi a Kamaso ankajambula zalazo m'kope kuti nawonso asatsalire.

Ndiye tsiku lina TV yakaleyo inathima, osadzukanso. Wokonza anaitsegula, n'kupukusa mutu ngati dokotala. "Iyi yapuma, mayi. Musadzivute."

Bambo a Kamaso anali wopenta nyumba, ndipo pa nkhani ya mitundu sankafuna mphunzitsi. Loweruka analowa m'sitolo ya zamagetsi, akazi awo ali m'mbuyo. Ma TV amene thumba lawo likanakwanitsa analipo awiri okha. Ina inali yokulirapo, yonyezimira ngati yadzola mafuta, ndipo inkaonetsa mbalame zofiira, mathithi ndi zipatso zodontha mame. Inayo inali yocheperapo, mitundu yake yofatsa, ili chete ngati mwana wamanyazi pakati pa alendo.

"Apa palibe chokambirana," anatero bambowo. "Taonani kufiira uko! Ine mitundu ndimadyera momwemo."

Mayi a Kamaso anali munthu wa nkhawa, wa mtundu uja wobwerera kunyumba kawiri kukaona ngati chitseko chatsekedwadi. Anayang'ana ma TV onse awiri kwa nthawi, kenako anawakoka amuna awo malaya.

"Bambo a Kamaso, mbalamezi zangokhala duu. Bwanji tiwapemphe atiikire anthu oyendayenda, tione kaye?"

"Mwayambatu. Inu ngakhale singano mumafuna muisokere kaye musanagule."

Wogulitsa anaseka. "Bwana ali ndi diso, mayi. Imeneyo anthu akulimbirana. Ikakuvutani mukhoza kusintha pasanathe masiku asanu ndi awiri, bola katoni ndi lisiti zikhalepo. Koma palibe anabwezapo."

Yaikuluyo ndi imene inapita kunyumba. Bambo a Kamaso anaboola mabowo anayi pakhoma, n'kuikoloweka mwaluso, kenako anaimbira anzawo a kuntchito kuti Loweruka linalo abwere adzaonere mpira pa chinthu chenicheni. Katoni ankafuna kukayala pansi kumene ankapenta, koma m'mawa anaisowa. Akazi awo anali ataikankhira kunsi kwa bedi, lisiti ataliika m'kati mwa kope lija.

"Mukusungira mbewa nyumba?" anafunsa bambowo.

"Mungondisiya ndi misala yangayi," anayankha mayiwo.

Lolemba folo koloko Kamaso anakhala pakampando kake, maso ali gwa. Patangopita mphindi zochepa anayamba kutikita m'maso, kenako anacheukira mayi ake, manja ali pamiyendo. Lachiwiri anaonera pang'ono n'kupita kukasewera ndi zitsekerero za mabotolo. Lachitatu anatembenuza kampando kake kuyang'anitsa kukhoma. Ndipo madzulo a tsiku limenelo, atafuna chinthu, sanakweze zala monga anazolowera. Anangokoka diresi la mayi ake n'kuyamba kulira, kulira kuja kwa kale, kwa munthu amene ali ndi mawu koma alibe khomo lotulukira.

"Mwam'sasatitsa mwanayu," anatero bambo ake akuchotsa nsapato zamathothomathotho a penti. "Anzake akuonera pawindo la aneba, iye wagulidwira yatsopano, akuipatsa msana."

Mayi a Kamaso anagwada pafupi ndi mwana wawo. Anamugwira mwanayo pamphumi, thupi silinali lotentha. Anamuyang'ana m'maso, munalibe kanthu. Anaganiza zoti mwina maso nawonso ayamba kufa ngati makutu. Koma m'mawa anamuona akutola kamkanda kakang'ono kamene kanagwera pansi pa tebulo, ndipo anadziwa kuti vuto silili m'maso mwa mwana.

Lachinayi anachita chinthu chimene anali asanachitepo. Anakhala okha pakampando ka Kamaso, mawondo atafika m'chibwano, n'kutenga rimoti kuzimitsa mawu onse. M'nyumba munangoti zii. Poyamba sanaone cholakwika. Zovala za ana a pa TV zinkawala, makoma ankawala, chilichonse chinkawala. Anadekhabe. Anasiya kuyang'ana pakati, n'kuika maso pakona paja basi, monga ankachitira mwana wawo. Womasulira akaima, zala zake zinkaoneka bwino. Koma akangoyamba kulankhula, dzanja lililonse linkakoka mchira wa chimbuuzi, zala n'kusungunukira pamodzi. Nkhope yake nayo, imene pa TV yakale inkaonetsa kudabwa, kufunsa ndi kuseka, apa inali mdima wonyezimira, nsidze osaoneka n'komwe. Masiku onsewa mayiwo sankazindikira chifukwa makutu ankawathandiza. Kamaso analibe womuthandiza.

Lachisanu mvula inalepheretsa ntchito, ndipo bambo a Kamaso anabwerako msanga. Anapeza kampando kakuwadikira.

"Khalani apa, bambo a Kamaso."

"Ine? Pa kampando ka mwana?"

"Sikathyoka. Khalani."

Anakhala akung'ung'udza. Akazi awo anazimitsa mawu n'kuloza pakona. "Inu muli ndi diso, paja anatero wa kusitolo. Ndiuzeni, wakweza zala zingati?"

"Zitatu."

"Nanga apa?"

"Zinayi. Ayi, dikirani, ziwiri. Akufulumira kwambiri mayiyu."

"Ndi yemwe uja wa masiku onse. Sanasinthe liwiro."

Bambowo anasendera pafupi, n'kutsinzina diso limodzi monga amachitira poyesa ngati mzere wawongoka. Atalankhula, mawu awo anali atatsika.

"Uyu ndi penti wosauma amene munthu wamukhula ndi mkono wa malaya. Ine kasitomala atandipeza nditapanga zimenezi, angandithamangitse."

Anatembenuka kuyang'ana mwana wawo, amene anali pakona ya chipinda akusanja zitsekerero zake. "Ndiye sabata yonseyi mwanayu takhala tikumuuza kuti awerenge kalata yonyowa?"

"Mawa ndi tsiku lomaliza," anatero mayiwo. "Katoni ya mbewa ija ilipo."

Loweruka m'mawa pulogalamuyo inkabwerezedwa, ndipo mayi a Kamaso anaonetsetsa kuti afike m'sitolo nthawi yomweyo, atatu onse. Wogulitsa ataona katoni anakweza nsidze.

"Bwana, yatani? Yafa?"

"Ili moyo," anayankha bambo a Kamaso. "Koma lero wogula si ine. Mverani mayiwa."

Mayi a Kamaso anasendera kutsogolo. "Achimwene, chotsani mbalame zanuzo. Muike pulogalamu ya ana pa ma TV onse awiri, ndipo mawu muzimitse."

"Mawu ndizimitse? Nanga mumva bwanji?"

"Ifeyo timamvera m'maso."

Wogulitsa anachita monga anauzidwa. Ma TV awiri aja anaonetsa chithunzi chimodzi, ndipo ngakhale iye mwini anaima kukamwa kuli yasa. Pa yaikulu manja a womasulira ankasambira m'chifunga. Pa yaing'ono, yofatsa ija, chala chilichonse chinkaima pachokha, chikapinda chinkaoneka kuti chapinda, ndipo nkhope ya mayiyo inali ya munthu, nsidze zikukwera ndi kutsika.

Palibe anamuuza Kamaso chochita. Anasiya dzanja la mayi ake, n'kudutsa yaikulu ija osaicheukira, kukaima kutsogolo kwa yaing'ono. Anayang'ana. Kenako manja ake anadzuka okha ngati mbalame zimene zatsegulidwira khola, n'kuyamba kuyankhana ndi womasulira. Anaseka mokweza pa nthabwala imene m'sitolo monse anaimva ndi iye yekha ndi mayi ake. Makasitomala ena anasiya zimene ankaona, n'kumuzungulira.

"Zaka zonsezi ndikugulitsa ma TV," anatero wogulitsa akukanda m'mutu, "sindinaonepo munthu akuyesa TV atatseka mawu. Mayi, munaphunzira kuti zimenezi?"

"Pa kampando," anayankha bambo a Kamaso, chifuwa chili patsogolo ngati nzeruyo inali yawo.

Masana anzawo a kuntchito anafika kudzaonera mpira. Anapeza TV yocheperapo ili pakhoma, mabowo anayi akale akuisuzumira m'mbali.

"Akulu, yachapidwa n'kufota?" anafunsa mmodzi. "Paja munkati tidzaona ngakhale thukuta la goloboyi!"

"Sekani," anatero bambo a Kamaso. "Mabowowo sinditseka, ndipo sindipentapo. Akhale pomwepo azindikumbutsa kuti m'nyumba muno diso lenileni ali nalo ndani."

Mpira utayamba, onse anaona kuti sukusowa m'mwamba ngakhale utamenyedwa mwamphamvu, ndipo zonyoza zinatha zokha. Koma bambo a Kamaso sankaonera kwenikweni. Mwana wawo anali atawakwera pamiyendo, akuwapinda zala zokakala ndi penti, chimodzi ndi chimodzi, kuwaphunzitsa kunena kuti zikomo. Analakwitsa kawiri, Kamaso n'kuwamenya padzanja. Kachitatu anakhoza. Anatembenukira kwa akazi awo, amene anaima pakhomo la kuchipinda kope lili pachifuwa, ndipo pamaso pa anzawo onse ananena mawu awo oyamba a m'chinenero chamanja.

Mayi a Kamaso anayankha ndi manja omwewo, mutu uli m'mwamba. Anthu ankawatcha amantha, ochedwa, ovuta pa zinthu zazing'ono. Koma chinthu chaching'ono chimaonekera kwa amene wakhala pansi n'kuchidikira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.