Mbiya Zosawotcha za Zelifa

Ndagi. Mwana wa kwathu amaopa moto, koma akauthawa amafa ndi madzi. Musathamangire kuyankha, yankho tilipeza m'njira.

Panali mayi wina woumba mbiya, dzina lake Zelifa. Akakanda dothi la mtapo n'kuliumba, mtsuko unkatuluka wa khosi lowongoka, wosalala ngati dzira. Koma kuwotcha ndiye ayi. Ali mtsikana, mtsuko wake woyamba unaphulika pamoto amayi a m'mudzi akuona, ndipo wina anaseka. Munthu mmodzi, tsiku limodzi. Kuyambira pomwepo mbiya zikauma ankazisenza kupita nazo kwa mkulu wake Filesi kuti akamuwotchere. Zaka khumi ndi ziwiri, tangoganizani.

Kumeneko mbiya sankagula ndi ndalama. Woifuna ankaidzaza chimanga mpaka pakamwa, chimanga n'kutsala, mbiya n'kupita. Ana atatu a Zelifa ankadyera momwemo, poti kamunda kake kanali ka mchenga okhaokha.

Chaka china mwamuna wa Filesi anati amutenge mkazi wake chitengwa, akakhale kwawo kwa mwamunayo, kutali kuseri kwa mapiri. Tsiku lonyamuka Zelifa anafika katundu ali kale pangolo.

"Achemwali, nanga mbiya zanga?"

"Iwe, ukuti ndikukweze nawenso pangolopa? Kuyala nkhuni ukudziwa, makungwa ukuwadziwa. Zaka zonsezi umangoima kumbuyo kwanga utatseka makutu ngati mwana woopa bingu."

"Nanga zikaphulika?"

"Zikaphulika upeza mapale okazingira chimanga. Tachoka, ng'ombe zingakuponde."

Filesi anapita. Mukuyesa Zelifa anasonkha moto? Anangopitiriza kuumba. Lero ati kuli mphepo. Mawa ati nkhuni n'zaziwisi. Mkuja mutu ukuwawa. Mbiya zinakwana makumi awiri, zonse zosawotcha, zitandandalikidwa m'kakhitchini ka denga lofoka. Anthu ankabwera ndi malichero a chimanga n'kubwerera nawo. M'nkhokwe munayamba kuoneka pansi, mwana wamng'ono n'kumanyambita chipande.

Tsiku lina masana kunagwa chizimalupsa, mvula ija yoyamba yosachenjeza. Zelifa anali kuti? Kudambo, kukakumba dothi lina. Dothi linanso, anthuni, mbiya makumi awiri zili kunyumba! Anathamanga, koma anapeza denga likudontha ngati sefa. Mbiya khumi ndi zitatu zinali zitasanduka phala la matope, makosi okongola aja atagwera m'mimba mwake. Mwana uja wa m'ndagi ndi ameneyu: mbiya yaiwisi.

Zelifa anakhala pansi m'matopemo nthawi yaitali. Sanalire. Anangoti, "Moto unandiswera umodzi. Ine ndaswa khumi ndi zitatu."

Dzuwa litawala masiku angapo, anatulutsa zisanu ndi ziwiri zotsala kuti ziumitsitse. Sanayambe ndi zazikulu. Anasankha timiphika titatu tating'ono, n'kuyala nkhuni pamalo pomwe Filesi ankawotchera, pafupi ndi njira yakumjigo. Anatisanjika chozondotsa, n'kuvundikira ndi makungwa. Machesi anamuthyokera kawiri moto usanayake.

Moto utakolera, amayi ochokera kumjigo anaima, ndowa zili pamutu.

"Kodi si a Zelifa awa? Lero mwadya chiyani?"

Asanayankhe kunamveka phuu! Kamphika kamodzi kanaphulika. Wina anaseka, monganso kale lija. Miyendo ya Zelifa inati tiye kunyumba. Iye anaima pomwepo, makutu osatseka, mpaka moto unazilala.

Anafukula phulusa ndi ndodo, n'kutola phale la kophulika kaja. Pakati pake panali kamwala konga njere ya mapira, kamene kanamupulumuka pokanda. Analiyang'anitsitsa. Zaka khumi ndi ziwiri ankayesa kuti moto umadana ndi iyeyo, chikhalirecho moto umadana ndi timiyala.

Kachiwiri katazizira anakagogoda ndi chala. Ngwee. Kachitatu, ngwee. Mayi anaseka tsikulo uja ndi amene anayamba kufunsa kuti, "Akakatu ndikabweretse chimanga lero lomwe?"

M'mawa mwake anawotcha zinayi zazikulu zija. Umodzi mwa mitsuko unachita mng'alu, itatu inatuluka yolira bwino. Mantha analipobe, osanama, koma machesi sanathyokenso. Ana anadya.

Tsono inu anzanga, mwanditopetsa nazo za "ine sindingathe." Yankho ukulidziwa, walilemba kuseri kwa kope, koma aphunzitsi akafunsa ukuwerenga nyerere pansi. Nyimbo umaiimba bwino potsuka mbale, kukwaya ukungoyendetsa milomo. Chifukwa? Akuti wina anakuseka uli sitandade fili. Iyeyo anaiwala kalekale, mwina anakwatiwa, iwe ukadasenzabe kuseka kwake pamutu. Ukudikira kuti mantha athe kaye ndiye uyambe, pomwe Zelifa anayatsa moto mantha ali nawobe. Kudzidalira sikuphuka ngati bowa. Kumabwera ukagogoda kanthu kako, kamene wawotcha wekha, n'kumva kakulira. Yamba ndi kakang'ono. Kakasweka, tola phale uone chimene chinali m'kati. Zimene wabisa m'kakhitchini usayese kuti zasungika, mvula sipempha odi.

Nditamaliza kuwauza anzanga fanizoli pansi pa mtengo wa kusukulu, kamtsikana ka sitandade thu kamene kanali kudikira mkulu wake kanandikoka diresi.

"Achemwali, nanga zikanasweka zonse zitatu, mawa lake akanayatsanso?"