Tonde Agula Mapesi Ake ndi Ndevu

Kalekale, nyama zikali kuyankhula ngati inu ndi ine, kunali Tonde wina wa ndevu zofika pachifuwa. Ankakhala ndi mkazi wake Nangozo ndi tiana tawo titatu.

Atakolola, Nangozo anati, "Abambo, msipu ndi mlendo, sukhalitsa. Tiyeni tisanje mapesi ndi masamba a mtedza pansanja, chilimwe chisatipeze chimanjamanja."

Anasanja, anasanja, mpaka nsanja inadzaza tho.

Ndiye kunalinso Nyani, wamalonda woyenda ndi dengu pamutu. Ameneyo nyengo ankazidziwa kuposa mlimi. Masika ali mkati, anatulukira akufuula.

"Mabelu! Mabelu ovinira magule a chaka chino!" Ataona Tonde anaima. "Achimwene, ndevu zokongola chonchi koma m'khosi muli zii? Latsala limodzi lokhali. Mungondipatsako timapesi pang'ono."

Tonde anayang'ana nsanja. "Ngambiri awa," anatero, natsitsa mitolo. Tsiku lonse anayenda mudzi wonse, belu lili ngili ngili.

Chisanu chitafika, Nyani uja anabweranso.

"Mipango! Mipango ya m'khosi! Achimwene, munthu wamkulu ngati inu mukhosomole ngati mwana? Watsala umodzi wokhawu."

"Abambo, mpango sadya," ananong'ona Nangozo.

"Amayi, taonani kudamboko, msipu uli mbwee," anayankha Tonde, natsitsanso mitolo.

Mphepo ya fumbi itayamba, Nyani uyo, wafikanso.

"Mafuta a ndevu! Fumbi ili latha ndevu za anzanu kutsidyaku. Latsala botolo limodzi lokhali!"

Apa Tonde sanadikire n'komwe. Anakwera yekha pansanja, natsitsa zonse zotsala.

Kenaka chinabwera chilimwe. Dzuwa linaswa mtengo. Osaka mbewa anatentha tchire, dambo lija linangoti bii. Tiana tinayamba kulira, "Mee! Mee! Njala, ababa!" Tonde anakwera pansanja, napeza mitengo yokhayokha. Anatsika pang'onopang'ono, belu ataligwira kuti lisalire.

Posakhalitsa anamva mawu kumsewu.

"Mapesi! Mapesi a chilimwe! Masamba a mtedza onona!"

Tonde anathamangira komweko, nanunkhiza mtolo umodzi. "Kodi si anga awa?"

"Anali anu, achimwene," anatero Nyani akuseka.

"Tengani belu lanu, mundibwezere."

"Magule a masika anatha kale."

"Nanga mpango?"

"Kutentha kumeneku? Augula ndani?"

"Ndiye mukufuna chiyani?"

Nyani anakanda m'mutu. "Ino ndi nyengo ya maukwati. Ovina akufuna litchowa lokupiza m'manja. Ndipatseni ndevuzo, mapesi onsewa atsale pano."

Tonde anagwira ndevu zake. Anazisisita kamodzi, anazisisita kawiri. Atacheuka, anaona kamwana kake kotsiriza kakutafuna khungwa louma, nthiti zili poyera.

"Metani," anatero, natsinzina.

Nyani anameta mofulumira, kwece kwece, naponya ndevu m'dengu pamodzi ndi katundu wake yense, navundikira. Ulendo wa ku ukwati wa mwana wa Mbawala.

Anafika ng'oma zitakolera. "Litchowa lamakono! Latsala limodzi lokhali!" Anthu anaunjikana. Nyani anavundukula dengu.

Amayo! Inu mukulidziwa fungo la tonde. Tsono ili linali litaphikidwa ndi dzuwa tsiku lonse. Mkwatibwi anatseka mphuno. Oimba ng'oma anataya ng'oma. Ntchentche zokha ndi zimene zinabwera kudzagula. Mikanda, nsalu, zipewa, zonse za m'dengumo zinali zitalowa fungo. Eni ukwati anatola zibuma, namuthamangitsa Nyani mpaka kuphiri, komwe akukhalabe mpaka lero.

Kunyumba kuja tiana tinadya mpaka mimba kuti ndi! Titakhuta, tinayang'ana chibwano cha bambo awo, tinagwa nako kuseka.

"Musadandaule, abambo," anatero Nangozo akupukuta misozi ya chiseko. "Mwabwerera paunyamata. Ndikadakhala wosakwatiwa, ndikadakulolani."

Tonde anayesa kukwiya, koma naye anangophulika kuseka.

Mvula itagwa, msipu unaphuka, ndevu nazo zinaphuka, ngakhale sizinafikenso pachifuwa.

Tsono inu omvera, wamalonda amadziwa nyengo yake, nanunso dziwani yanu. Chakudya cha chilimwe sagulira zokometsera za masika.

Nthano yanga ndaitula pano, yathera pomwepa.